Moto Wotsala pa Maliro a Bambo Kanyenda

Inu amene mumati mukafika pakhomo pa eni, moni musanapereke n'komwe mwayamba kale kufunsa pasiwedi, taikani mafoniwo m'thumba mumve zimene zinamuonekera Sungeni wa kwa Mphanda. Mukamva, mwina mudzayamba mwafunsa kaye kuti winanso amene walumikizidwa pamodzi nanu ndani.

Kwa Mphanda ndi mudzi wa m'chigwa, kuseri kwa mapiri a ku Ntchisi. Netiweki kumeneko ndi yamanyazi: imaima pamwamba pa chulu, m'nyumba osalowa. Wofuna kuimba foni amayenda atatukula dzanja m'mwamba, maso ali pafoni, mpaka kukagwera m'mizere ya mbatata ya eni. Sungeni, mwana wamkazi wa bambo Kanyenda, ankagwira ntchito ya pakompyuta ku Lilongwe, ndipo ndi iyeyo amene anapeza nzeru. Anamangirira kachipangizo kokoka netiweki kunsonga ya nsungwi yaitali, chingwe chake n'kuchilowetsa pawindo mpaka mu laputopu. Akaiyatsa, laputopuyo inkagawira intaneti mafoni onse a pakhomo popanda chingwe. Kungoti mphamvu yake sinkapita patali. Inkathera pamtengo wa mango wa pabwalo, ndipo ukangodutsa pamenepo foni yako yasanduka kalilole.

Amene anaikonda nzeruyi kuposa onse anali bambo ake, mkulu amene anakalambira pamakina osokera. Mwana wawo wamwamuna, Yotamu, anawatumizira foni kuchokera ku Joni, ndipo mwachibwana chake anaipatsa dzina loti Madala. Sungeni akabwera kutchuthi, mkuluyo ankakokera mpando wake wandalema pansi pa windo, n'kugogoda pagalasi ndi chala.

"Mayi wanga, ndipaleko moto, ndilankhule ndi uja wa ku Joni," ankatero.

Sungeni anawalowetsera pasiwedi kamodzi kokha. Foni si munthu, ikadziwa khomo siiwala. Kuyambira tsikulo, akangoyandikira windo, foni yawo inkadzilumikiza yokha.

Bambo Kanyenda anatisiya m'nyengo yotentha, mango asanapse. Yotamu analephera kubwera chifukwa mapepala ake sanali bwino, ndipo analira pafoni ngati mwana. Choncho Sungeni anadzutsa nsungwi ija, n'kuyatsa laputopu kuti mlongo wakeyo aone nawo maliro. Achibale ochokera m'tauni atamva kuti pasiwa pali intaneti, aliyense anabwera ndi foni yake, misozi m'maso, pakamwa akufunsa pasiwedi. Laputopuyo inayaka usana ndi usiku, ikudya moto wa batire la sola.

Atabwerako kumanda, foni ya malemu inasowa. Mayi ake a Sungeni, mayi Nankhoma, anafuna kumutu kwa mphasa, m'sutikesi, m'kabati ya makina osokera, koma osaipeza. Anthu anangopukusa mitu n'kunena kuti masiku ano akuba saopa ndi maliro omwe.

Tsono kwa Mphanda kuli mwambo wake. Tsiku lometa, moto wonse umene unayatsidwa chifukwa cha maliro amauzimitsa. Zikuni za pasiwa amazithira madzi, phulusa n'kukalitaya pamphambano, ndipo pakhomo amayatsa moto watsopano. Amene anatsogolera zimenezi anali malume a Sungeni, a Dzoole, munthu wamfupi wokonda nthabwala, koma tsikulo sanaseke.

"Chimene tinayatsira maliro chisagone chikuyaka," anatero. "Malemu akaona kuwala amayesa kuti tikuwadikirabe. Tazimitsa zonse?"

"Tazimitsa," anavomera onse.

Sungeni nayenso anavomera, ndi mtima woyera ndithu. Iye m'mutu mwake munali zikuni ndi mafuwa. Sanaganizeko za kanyali kobiriwira kamene kankaphethira pawindo kumbuyo kwake.

Anthu atabalalika, Sungeni anatsalira kuti awasungulutse mayi ake, ntchito yake n'kumagwirira komweko. Mayiwo anali atafookeratu. Chakudya ankangochitsina, ndipo ankakhala pakhonde maso ali tong'o kunjira ya kudambo, imene imawolokera kumanda. Sungeni ankaopa chinthu chimodzi chokha, kuti mayi ake angatsatire amuna awo. Anali atawaonapo okalamba ena amene sanadye chimanga chatsopano mnzawo atapita.

Chodabwitsa choyamba chinali mpando. Sungeni anaupinda n'kuuika kuseri kwa chitseko, koma m'mawa anaupeza uli pansi pa windo, wotambasulidwa bwinobwino. Anaubwezera m'nyumba. M'mawa mwake anaupezanso pomwepo, ndipo ngakhale pabwalo ponse panali mame, chinsalu cha mpandowo chinali chouma.

"Amayi, ndinu mukumatulutsa mpandowu?"

"Ine nditulutse mpando ndi msana wangawu?" anayankha mayiwo, osamuyang'ana.

Kenako galu wawo, Pilato, anayamba zachilendo. Dzuwa likapendeka ankathamangira pamtengo wa mango, n'kumagwedeza mchira, kudumphadumpha ngati walandira mwini wake. Akatero ankabwerera pang'onopang'ono, mutu atadzutsa, n'kudzagona pafupi ndi mpando uja. Bandulo imene Sungeni ankagwirira ntchito mwezi wathunthu inayambanso kutha msanga, iye n'kumatukwana a kampani ya mafoni amene sanalakwe kanthu.

Koma chimene chinamusokoneza kwambiri chinali chabwino. Mayi ake anayamba kudya. Anayamba kusamba m'mamawa, kudzola mafuta, ndi kuvala mpango wa maluwa umene ankausungira ku tchalitchi. Kafoni kawo anakamanga pamfundo ya chitenje, ndipo madzulo ankadzitsekera kuchipinda. Sungeni akadutsa pachitseko ankawamva akuseka chapansipansi, kuseka kwa mtsikana. Pakati pa kusekako pankamveka kaphokoso kena kochokera m'foni, kokhala ngati munthu akulankhula mutu ataulowetsa mumtsuko.

"Mumalankhula ndi Yotamu, Amayi?"

"Ndimalankhula ndi anthu anga," anatero mayiwo.

Sungeni atamufunsa Yotamu, anayankha kuti sabata yonseyo sanaimbe chifukwa ankagwira ntchito yausiku.

Tsiku lina masana kunabwera wogulitsa usipa wa panjinga, mlendo m'mudzimo. Akuyeza usipa m'mbale, anayamba kucheza monga amachitira amalonda.

"Mudzi wanu uno netiweki imavutadi eti? Dzulo chakumadzulo ndinakumana ndi abambo ena padambo apo, atavala suti m'dzuwa lino, dzanja lili m'mwamba kusaka netiweki. Ndinawapatsa moni, koma ee, anthu a mafoni inu! Sanandiyang'ane n'komwe."

"Suti yamtundu wanji?" anafunsa Sungeni.

"Yotuwa, ya mizeremizere. Koma nsapato analibe."

Sungeni analipira usipawo, chenji osadikira. Suti yotuwa ya mizeremizere bambo ake anaisoka okha, ndipo ndi imene anawaveka powaika m'manda.

Analowa m'nyumba n'kukhala pa laputopu kuti aiwale ndi ntchito. Pofuna kudziwa chimene chinkamaliza bandulo, anatsegula pamene pamaoneka mafoni olumikizidwa. Panali foni yake. Panali kafoni ka mayi ake. Pansi pake panali Madala.

Musaganize kuti anachita mantha pomwepo. Anapsa mtima. Anati wakuba uja wabwera kudzabanso intaneti ndi foni ya malemu, alibe ndi manyazi omwe! Anatola musi n'kutuluka. Anazungulira nyumba, anasuzumira m'nkhokwe, m'bafa, kuseri kwa khola la mbuzi, mpaka anayang'ana m'nthambi za mango. Dzuwa linali paliwombo, pabwalo pali mbee, nkhuku zokha zikupalasa. Mphamvu ya laputopuyo inkathera pamangopo, ndiye mwini foniyo anayenera kukhala pabwalo pomwepo. Koma pabwalopo panali iye, Pilato, ndi mpando wandalema. Apa m'pamene thupi lake linachita tsemwe.

Anathamangira kwa malume ake, amene anawapeza akusema mpini.

"Malume, anawaveka bambo suti ndani?"

"Ine ndi azibambo ena. Bwanji?"

"M'matumba munapisamo?"

A Dzoole anasiya kusema.

"M'thumba la m'kati munali kanthu kolimba. Ine ndinayesa kabuku ka nyimbo, ndiye ndinati apite nako, poti ankakonda kuimba." Anamuyang'anitsitsa. "Iwe mwana, wafunsiranji?"

Sungeni anangobwerera kunyumba. Munthu wa sukulu sathamangira kunena zimene zingamuseketse. Anadziuza kuti batire la foni silingakhale moyo pansi pa dothi masiku onsewo, kuti mwina makina asokonekera n'kumaonetsa dzina lakale. Anaganiza zoyesa yekha. Anatalikitsa chingwe, n'kusamutsira laputopu m'chipinda cham'kati, chosungira matumba a chimanga, chimene chilibe windo. Atatuluka ndi foni yake, intaneti inathera pachitseko penipeni. Tsopano pabwalo ponse panalibe mphamvu, ngakhale pansi pa windo.

Dzuwa litalowa anapita kukaona. Madala panalibe. Anapumira m'mwamba, n'kuyamba kudziseka. Ali mkati moseka, dzina lija linatulukira pamaso pake.

Sanatembenuke. Anangomva fungo la mafuta a makina osokera, fungo limene anakula nalo, litadzaza m'kachipindamo. Pabalaza panamveka mpando wandalema ukulira monga unkalirira munthu akakhalapo. Mpandowo madzulo amenewo anali ataumangirira ndi chingwe kuseri kwa chitseko. Sungeni anazindikira zimene anachita: pobisa laputopu m'kati, sanamuthamangitse mlendoyo, anamulowetsa m'nyumba.

Msangamsanga anasintha pasiwedi. Anaika ina yaitali, yosakaniza zilembo ndi manambala, yoti ngakhale mfiti singaiganize. Dzina lija linachoka. Fungo linazilala. Kuchipinda kwa mayi ake kunali zii, kenako chitseko chinatseguka.

"Iwe Sungeni, kafoni kanga kafa."

"Ndasintha pasiwedi, Amayi. Bweretsani ndikulowetsereni."

"Undilembere pachikhatho apa. Yotamu akafunsa ndimuuza chiyani?"

Yotamu ali ku Joni pasiwedi ya kwa Mphanda akanatani nayo? Koma mako ndi mako. Sungeni anawalowetsera, n'kuwalemberanso pachikhatho ndi bolopeni. Usiku umenewo anagona tulo kwa nthawi yoyamba.

Mawa lake, nkhuku zikulowa m'khola, Pilato anathamangira pamango akugwedeza mchira. Sungeni anapita kukaona m'kachipinda kaja. Madala anali pomwepo.

Anawapeza mayi ake atakhala pamphasa, akupeta mpunga, akuimba chapansipansi.

"Amayi, pasiwedi ija mwapatsa ndani?"

Mayiwo anapitiriza kupeta.

"Amayi!"

"Anandifunsa," anatero mofatsa. "Ndikanawamana bwanji? Chikwatirane sindinawamanepo kanthu abambo ako, ndiyambe lero poti ali pamavuto? Akuti kumeneko n'kozizira, ndipo kulibe wocheza naye. Amangofuna apaleko moto."

Sungeni analira. Analira chifukwa cha mantha, komanso chifukwa mawu akuti kupala moto anawamva ngati atuluka pakamwa pa bambo ake enieniwo. Anawasowa, inde anawasowa kwambiri, koma osati chonchi.

Ulendo uno anawafotokozera malume ake zonse. A Dzoole anamvetsera atagwira chibwano, ndipo nthabwala zawo zonse zinawathera.

"Tsiku lometa ndinafunsa kuti tazimitsa zonse. Unavomera."

"Ndinkayesa mukunena zikuni, Malume."

"Chinthu chako chija unachiyatsira chiyani, si maliro? Alamu angawo aona kuwala, ndipo njira ankaidziwa kale. Kazimitse, mwana iwe. Mlongo wanga angatipulumuke m'manja."

Madzulo omwewo Sungeni anazimitsa laputopu. Anazula chingwe, anagwetsa nsungwi, laputopuyo n'kuikulunga m'chitenje n'kuibisa pansi pa matumba a chimanga. Mayi ake anangomuonerera. Sanakalipe, sanalire. Anangotenga kafoni kawo n'kukagona osadya. Pilato anakhala pamango akulira mokuwa, mphuno italoza kudambo, mpaka a Dzoole anamugenda.

Sungeni anadzidzimuka m'bandakucha ndi mphepo yozizira kumapazi. Chitseko chakunja chinali pululu. Pamphasa ya mayi ake panali bulangeti lokha, lopindidwa bwino.

Anatuluka osavala ndi nsapato zomwe. Chigwa chonse chinali mbuu ndi nkhungu, koma kumunsi, panjira ya kudambo, anaona mpango wa maluwa ukuyenda. Mayi Nankhoma, amene ankadandaula msana potola ndi tsache lomwe, ankayenda mwachangu, dzanja lili m'mwamba, kafoni kakuwala. Ankaima pang'ono, kutembenuza dzanja uku ndi uku, kenako n'kupitirira, monga amachitira aliyense wa kwa Mphanda posaka netiweki. Kutsogolo kwawo kunali mitengo yakuda ya kumanda.

"Malume! Malume, dzukani!" anakuwa Sungeni akuthamanga.

Mayi akewo anawapeza pakati pa dambo n'kuwagwira mkono. Mkonowo unali wozizira ndiponso wolimba ngati mpini.

"Amayi, mukupita kuti? Tiyeni kunyumba!"

"Ndisiye. Akumveka bwino chakutsogoloku."

"Laputopu ndazimitsa, Amayi, palibe chimene mukumva!"

"Wopala moto akapala amakasonkha wake," anatero mayiwo, maso osachoka pafoni. "Iwe wawatsekera khomo. Iwo sangabwerenso, ndiye akuti ndipite ine."

Foni ya Sungeni, imene inali m'dzanja lake lina, inanjenjemera. Anayang'ana. Inkamuonetsa kuti pafupi pali intaneti yoti angalumikizeko, yosafuna ndi pasiwedi yomwe. Dzina lake linali Madala, ndipo pamene mayi ake ankamukokera kutsogolo, timizere take tinkawonjezekera.

A Dzoole anafika akupuma wefuwefu, n'kuwagwira alongo awo m'chiuno. Anthu awiri amphamvu zawo anakokedwa ndi nkhalamba imodzi, mapazi akukhwekhwereka m'matope. M'kafonimo munkatuluka mawu aja a mumtsuko, osamveka chimene akunena, koma kamvekedwe kake kanali koitana, koleza mtima, ka munthu amene sakufulumira. Mitengo ya kumanda inali itayandikira moti ankamva madontho a mame akugwa m'masamba.

"Malume, agwireni! Musawataye!"

"Ukupita kuti iwe?"

Sungeni anali atatembenuka kale. Anathamanga chokwera, akugwa n'kudzuka. Anagubuduza matumba a chimanga, anasolola laputopu, anadzutsa nsungwi yekha, imene masiku onse ankadzutsa anthu awiri. Laputopuyo inachedwa kuyaka ngati ikuchita dala. Iye ankangoti, "Bambo, bwererani. Bambo, moto uwu, bwerani mudzapale kuno. Asiyeni amayi." Anaiika pawindo pomwe inkakhala kale, n'kutambasula mpando wandalema ndi manja ake.

Kanyali kobiriwira kanaphethira.

A Dzoole amanena mpaka lero kuti alongo awo anali ataponda kale masamba a kumanda pamene dzanja lawo linatsika. Anayang'ana kafoniko, anamwetulira, n'kutembenuka okha. Pobwerera, a Dzoole anatsalira m'mbuyo dala, chifukwa udzu wa mame unkagona m'mizere iwiri, ndipo mlongo wawo ankayenda m'mphepete mwa njira ngati akupatsa malo wina. Pamango Pilato anawachingamira akudumphadumpha. Sungeni, ali pawindo, anaona dzina lija likutulukira, ndipo kunja kwa windolo mpando unalira.

"Ndiye titani, Malume?" anafunsa Sungeni tsikulo, mawu atasasa.

A Dzoole anakanda m'mutu. "Makolo anatiphunzitsa kuzimitsa moto tsiku lake. Za moto umene wagonera sanatiuze."

Ku Lilongwe Sungeni sanabwererenso. Angachoke bwanji? Laputopu akaitenga, mayi ake awoloka dambo. Akaisiya, adzaisamala ndani? Inakhala pawindopo ikuyaka usana ndi usiku, ndipo iye anasanduka mlonda wa kanyali kobiriwira. M'mawa uliwonse ankapukuta fumbi pa sola, wailesi anailetsa, nyali za m'nyumba anazichotsa, kuti moto wonse wa batire uzipita kumodzi. Anansi anasiya kudzapempha pasiwedi, poti anamva amene akalumikizidwe naye pamodzi. Mayi Nankhoma ananenepa, ankaseka, ndipo madzulo ankaphika tiyi wa makapu awiri. Sungeni ndiye anaonda, chifukwa tulo take tinali ta mbewa: kakangolira kanthu wadzuka kukaona ngati kanyali kakuyakabe.

Kenako dzinja linafika, ndipo linabwera ndi mvumbi. Dzuwa linabisala, tsiku n'kupita, lina n'kubwera, kumwamba kuli bii. Mtsinje unadzaza n'kudula njira ya kumsika, kumene akanakatchajitsa batire. A Dzoole anayenda khomo ndi khomo kubwereka, koma mabatire a mudzi wonse anali atagona. Sola yawo inkangonyowa padenga.

Madzulo ena Sungeni anakhala patsogolo pa laputopu, galasi lake atalichepetsa kuwala mpaka kutsala pang'ono kuzima. Pakona, kachizindikiro ka batire kanali katafiira. Anakayang'anitsitsa ngati kuti maso ake angakawonjezere moto. Kunja mvula inkangowaza, yosakula, yosakata.

Anamva kukhwekhwereza kumbuyo kwake. Mayi ake anali atakhala pafupi ndi chitseko, atavala mpango wa maluwa, akumanga zingwe za nsapato zawo za ku tchalitchi. Bulangeti anali atalipinda kale.

"Amayi, vulani nsapatozo. Dzuwa lituluka mawa. Lituluka ndithu."

Mayi Nankhoma anamaliza kumanga mfundo, n'kumuyang'ana mwana wawo ndi maso achifundo.

"Usadzivute, mwana wanga, wayesetsa," anatero. "Akuti ikazima ndisathamange ngati tsiku lija. Andidikira pamango."